Chimbudzi Chakale ndi Madzi Osowa Kolowera: Phunziro Lochokera kwa Mpama



Phunziro la ulendo uno talitenga kumtunda, m'dera la mfumu yaikulu Mpama m'boma la Chiradzulu, ndipo silikukamba za mbewu kapena maukonde. Likukamba za kanyumba kaja timakabisa kuseri kwa nthochi, kamene timakakumbukira pokhapokha kakagwa. Tikudziwa kuti ena aona mutuwu n'kuseka, eti nkhani ya chimbudzi mpaka kulowa m'kalata ya ulimi ndi usodzi? Koma amene anagonekapo mwana pa bedi loboola pakati lija la kumsasa wa kolera sangaseke.

Tikumbutsane pang'ono. Kolera yomwe inayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022, atadutsa namondwe Ana, inafika m'maboma onse a dziko lino. Pa 5 Disembala chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti mliriwu ndi ngozi pa umoyo wa anthu, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Pofika pakati pa 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Mangochi inali m'gulu la maboma amene anaika maliro ambiri. Mliri uli mkati choncho, namondwe Freddy anafika mu Malichi 2023, ndipo Chiradzulu inali m'gulu la maboma amene anaona zoopsa: matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa mfumu Likoswe. M'midzi ina yambiri m'bomali nyumba zinatsala chiimire, koma zimbudzi zinatitimira.

Nanga za ku Chiradzulu zikumukhudza bwanji msodzi wa pa Kachulu kapena mlimi wa mpunga wa ku Domasi? Choyamba, madzi a mbali ina ya bomali amatsikira ku chigwa cha nyanja ya Chilwa, ndipo Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Cholowa m'menemo chimakhala momwemo. Chachiwiri, Chiradzulu ndi boma lothithikana kwambiri: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 pa malo ochepa zedi. Kumeneko munthu sangangoti "tikumba kwina," chifukwa kwinako kuli munda wa nandolo wa mwini wake. Vuto lomweli lafika kale m'madoko athu, momwe nyumba zapanikizana ngati usipa pa thandala. Zimene a kwa Mpama aphunzira mokakamizidwa, ife tingaziphunzire madzi asanafike m'khosi.

Nyumba ya agogo

Pali nyumba ina kwa Mpama imene timaidziwa bwino, ya abale athu. Anaimanga agogo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndi ndalama za ku Wenela, boma lisanaletse anthu kupita kumigodi ya ku South Africa mu 1974. Ndi ya njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, malata pamwamba, khonde kutsogolo. Nyumba zamtunduwu zilipo zambiri m'dera limeneli, monganso zilili ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota. Zinamangidwa mwaluso ndithu, ndipo n'chifukwa chake zilipobe. Koma womanga sanaganizire kuti pabwalo pomwepo padzakhala mabanja atatu, aliyense akusamba, kuchapa, kutsuka mbale ndi kupanga wudhu kasanu pa tsiku.

Titafika pakhomopo mvula itatha, tinapeza zinthu zitatu. Chimbudzi chinali chitapendekera, pansi pake patatsika mbali imodzi, ana akuletsedwa kulowamo. Ndiye mukudziwa kale kumene ankapita. Madzi a m'bafa ankatuluka pa kabowo ka pansi n'kutsata khoma la nyumba yaikulu, ndipo khomalo linali lobiriwira ndi ndere mpaka m'mawondo, pulasitala akugwa. Kumunsi kwa zonsezi, pamtunda wa mapazi osakwana makumi awiri, kunali chitsime cha kudimba chimene amatungapo mjigo ukawonongeka. Eni nyumba ankaona mavuto atatu osiyana. Ife tinaona vuto limodzi: madzi amene sanapatsidwe njira.

Chimene chimagwetsa chimbudzi

Anthu ambiri amati chimbudzi chagwa chifukwa chadzaza. Nthawi zambiri si choncho. Chimagwa chifukwa cha madzi a mvula olowera m'mphepete mwa dzenje. Dothi la pamwamba, mita yoyamba ija, ndi lofewa kale. Likanyowa limagumukira m'dzenje pang'onopang'ono, kukamwa kwa dzenje kumakula mobisika pansi pa mitengo yoyala, mpaka tsiku lina mitengoyo ilibenso potsamira. Denga la chimbudzi likakhala lalifupi, lopanda mlomo wotulukira kunja, madzi ake amagwera pa tsinde penipeni pa khoma ndi kuthandiza ntchito yogumulayo. Pa nyumba ya agogo ija panalinso china: madzi onse a malata a nyumba yaikulu ankathamangira komweko chifukwa malowo ndi otsetsereka.

Mdani wachiwiri ndi chiswe pamodzi ndi chinyezi. Mitengo ya bulugamu yoyala pa dzenje n'kuimata dothi imaoneka yolimba pamwamba pomwe mkati yasanduka ufa. Yesani chonchi: tengani chitsulo chosongoka kapena mpeni, bayani mtengowo kumapeto kumene watsamira pa nthaka. Ukalowa ngati mukubaya chinangwa chophika, musalole munthu kupondaponso. Zizindikiro zina ndi ming'alu yozungulira chimbudzi, chitseko chimene chayamba kukana kutsekeka, ndi pansi pomveka ngati ng'oma mukaponda.

Chachitatu ndi kapangidwe ka dzenje. Dzenje la makona anayi limagumuka msanga kuposa lozungulira, chifukwa khoma lozungulira limadzigwira lokha monga imachitira nkhokwe. Ndipo amene amamanga pa dothi la makande pafupi ndi dambo adziwe kuti dothi limeneli limatupa mvula ikagwa, n'kung'aluka chilimwe. Limakankha njerwa chaka ndi chaka.

Kukonza kapena kukumba china

Dzenje limene lagumuka kale mkati silikonzedwa. Musatsitsiremo mwana kapena waganyu kuti akamange njerwa pansi. Dothi lonyowa likamukwirira simumutulutsa wamoyo. Likwirireni. Chimodzimodzi dzenje limene latsala theka la mita kuti lidzaze: thiranimo dothi mpaka pamwamba, tsenderani, ndipo lisiyeni zaka ziwiri osalifukula, chifukwa mazira a njoka za m'mimba amakhala amoyo nthawi yaitali. Pamwamba pake dzalanipo papaya kapena nthochi, muona mmene zikulire.

Koma ngati dzenje lili bwino, vuto lili pamwamba pokha, ntchito yake ndi yotheka m'masiku ochepa. Phwasulani kanyumbako, chotsani mitengo yowola. Kumbani mozungulira kukamwa kwa dzenje mpaka mutapeza dothi lolimba, ndipo mangani mkombero wa njerwa zootcha kuchokera pamenepo kukwera mpaka upitirire nthaka ndi mizere iwiri kapena itatu. Mkombero wapamwambawu ukhale wotsekeka bwino, wopanda mipata, kuti madzi a mvula asapeze polowera. Kunja kwake bwezeretsani dothi, kulitsendera ndi musi mpaka pakhale kachulu kotsetserekera kunja mbali zonse. Kenako ikani silabu.

Za silabu tinene motsindika, chifukwa apa ndi pamene anthu amataya simenti pachabe. Muyezo wake ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, zinayi za miyala ing'onoing'ono. Madzi akhale ochepa. Konkire yoyenderera ngati phala imauma yofooka. Mukaumba, iphimbeni ndi masaka kapena udzu ndi kuithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri. Simenti siilimba ndi dzuwa, imalimba ndi chinyezi. Silabu yathyathyathya imafuna zitsulo mkati. Yotumbuka pakati ngati chivindikiro cha mphika, imene inayambira ku Maputo m'dziko la Mozambique, siifuna zitsulo chifukwa kulemera kumatsikira m'mphepete. Iliyonse mwa ziwirizi muyambe mwaiyesa ili pansi, itatsamira m'mphepete mokha, anthu akuluakulu asanu ataimapo. Kuli bwino isweke pabwalo kusiyana ndi kuswekera pa dzenje. Ubwino wa silabu ndi woti dzenje likadzaza mumainyamula n'kukaika pa lina, ndiye ndalama yake mumalipira kamodzi.

Kwa amene simenti yawakanika, pali kamangidwe kena kamene akatswiri a zamadzi ndi ukhondo a ku Mzuzu University akhala akuphunzitsa amisiri a m'midzi. Dzenje limakhala lozungulira, ndipo chakumtunda kwake mzere uliwonse wa njerwa umalowa mkati pang'ono kuposa wapansi pake, mpaka kukamwa kumachepa n'kutsala kabowo kokha, monga khosi la mtsuko. Sipafunika mtengo ngakhale umodzi, choncho chiswe chilibe chodya. Kumafuna mmisiri amene anaphunzira, osati wongoonera. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ngati alipo wotere pafupi.

Denga lituluke kunja mokwanira mbali zonse. Kumtunda kwa chimbudzi kumbani kangalande kopatutsa madzi, kokhota ngati uta, kuti madzi ochokera pabwalo adutse m'mbali. Alimi a m'mapiri a Chiradzulu amadziwa kale kupanga migula ndi kudzala vetiva m'munda. Nzeru yomweyo ibwere pakhomo. Ntchito ya khasu ya ola limodzi imeneyi ndi imene ikanapulumutsa chimbudzi cha agogo chija.

Fungo ndi ntchentche

Apa pali chisokonezo chimene timachipeza kawirikawiri. Zimbudzi zokumba zili mitundu iwiri ndipo malamulo ake ndi otsutsana. Chimbudzi wamba, chopanda paipi ya mpweya, chimafuna chivindikiro chokhala ndi chogwirira, chotseka bowo nthawi zonse, komanso kuthiramo phulusa lodzaza dzanja mukatha. Chimbudzi cha paipi, chimene anachiyambitsa Peter Morgan ku Blair Research Laboratory m'dziko la Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, sichifuna kutseka bowo. Mphepo imalowa pa bowolo, kudutsa m'dzenje n'kutulukira kupaipi pamodzi ndi fungo. Mkati mwake muyenera kukhala mwamdima pang'ono, kuti ntchentche za m'dzenje zione kuwala kupaipi kokha, zikwere, zikapeze sefa pamwamba n'kufera pomwepo. Paipiyo ikhale ya mamilimita 110, ipitirire denga ndi theka la mita, ndipo isakhale pansi pa nthambi za mtengo. Sefa ikang'ambika, paipi yasanduka msewu wa ntchentche. Akangaude akaluka mkati, mpweya suyenda. Thiranimo ndowa ya madzi kuchokera pamwamba kamodzi pakanthawi.

Ntchentche si nkhani ya fungo lokha. Mtundu wina umaswana pa chimbudzi cha munthu chosiyidwa poyera, n'kumatera m'maso mwa ana ndi kufalitsa matenda a maso a trachoma, amene anachititsa khungu agogo athu ambiri. Mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti Malawi wathana ndi matendawa. Alhamdulillah. Koma ntchentche zija sizinasamuke.

Ndipo chonde, m'dzenje musathiremo oyilo wakutha wa injini ya boti, mabatire akale kapena mankhwala a mbewu pofuna kuti "chitsike." Zimenezi zimapha tizilombo timene timawoletsa zonyansa, ndipo zimatsikira m'madzi a pansi. Matewera otaya aja, mapepala apulasitiki ndi magalasi siziwola, zimangodzazitsa dzenje msanga.

Madzi athu a twahara

Pano tidzinene tokha. Ife Asilamu timagwiritsa ntchito madzi ambiri pakhomo kuposa mmene mabuku ambiri a zomangamanga amawerengera. Timapanga istinja ndi madzi, timapanga wudhu, timasamba ghusl. Ndi chinthu chabwino, ndipo pa chimbudzi chamadzi chimatithandiza chifukwa sititseka mapaipi ndi zitsononkho kapena nyuzipepala. Koma madzi amenewa ayenera kupita kwinakwake, ndipo pamakomo ambiri kwinakwakeko ndi tsinde la khoma.

Madzi a istinja ndi najisi ndipo ali ndi tizilombo ta matenda, choncho alowe m'dzenje la chimbudzi, osati kuyenderera panja. Pansi pa chimbudzi pakhale posalala, potsetserekera kubowo, kuti madzi asadikhe pomwe timaponda. Pansi pozira ndi dothi sipagwirizana ndi birika. Pamasanduka matope, ndipo matopewo amapita ndi mapazi mpaka pa mkeka wa Swala. Ngati simungathe silabu yonse, kasilabu kakang'ono kokhala ndi zopondapo ziwiri, koikidwa pakati pa dothilo, kamasintha zinthu kwambiri. Koma madzi a bafa asalowe m'dzenje la chimbudzi. Ambiri amalumikiza ziwirizi poganiza kuti apeputsa ntchito, koma ndowa zisanu kapena khumi pa tsiku zimafewetsa makoma a dzenje mpaka kuligwetsa.

Bafa likhale ndi dzenje lakelake lomwetsera madzi. Kumbani mita imodzi m'lifupi, mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuya kwake, pamtunda wa mamita osachepera asanu kuchokera ku maziko a nyumba, kumunsi kwake. Dzazanimo miyala ikuluikulu pansi, zibenthu za njerwa pakati, timiyala pamwamba. Phimbani ndi saka kapena lata lakale, kenako dothi. Madzi afike kudzera m'paipi kapena kangalande ka njerwa. Musanakumbe lonse, yesani nthaka: kumbani kadzenje kofika m'chigongono, dzazanimo madzi madzulo. Mukawapeza m'mawa ali momwemo, dothi lanu silimwa, ndiye m'malo mwa dzenje lakuya kumbani ngalande yaitali yosaya, ya miyala mkati, yothera pa phata la nthochi. Nthochi imamwa madzi ambiri ndipo siidandaula ndi sopo wochepa. Masamba odya osaphika, monga tomato ndi anyezi, musawathirire madzi amenewa.

Madzi otsukira mbale ndi nsomba ali ndi mafuta ndi mamba, zimene zimamata miyala mpaka dzenje kuleka kumwa. Ayambe adutsa m'chidebe choboola pansi chokhala ndi udzu wouma, ndipo udzuwo muzisintha sabata iliyonse. Amayi okazinga ndi kuwamba nsomba, izi ndi zanu makamaka.

Malo a wudhu pa mzikiti nawonso tiwayang'ane ndi diso lomweli. Tsiku la Ijuma anthu mazana amasamba pamalo amodzi m'mphindi zochepa, ndipo pamizikiti ina yakale chithaphwi chake sichiuma chaka chonse. M'madzi oyera odikha ndi mmene mumaswana udzudzu wa malungo, m'madzi akuda onunkha mumaswana udzudzu wina uja wosagonetsa tulo. Komiti ya mzikiti imene ikusonkhetsa ndalama za penti iyambe yaona kumene madzi a wudhu akupita.

Pomanga chimbudzi chatsopano ambiri amafunsa za Qibla. Kuchokera kuno kwathu Qibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Ma ulama a madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, amati kuletsa koyang'ana kapena kufulatira Qibla kumakhudza kwenikweni munthu amene ali poyera, osati m'kanyumba komangidwira ntchitoyo. Komabe poti mukumanga kumene, palibe chovuta kuika zopondapo moti wokhala ayang'ane kum'mawa kapena kumadzulo, mtima ukhale m'malo.

Nyumba za chimbudzi chogejemula

Pafupi ndi boma, m'nyumba zakale za aphunzitsi, za ogwira ntchito m'maesiteti ndi za amalonda, muli zimbudzi zamadzi zimene zina zatha zaka makumi anayi. Zambiri zinatsekedwa ndi waya kalekale, anthu n'kubwerera kudzenje, pomwe chowonongeka ndi kanthu kakang'ono.

Thanki ikamangotulutsa madzi osaleka, tsegulani chivindikiro. Kampira koyandama kaja kakaboola kamamira, ndipo madzi satsekeka. Kapena kalabala ka pa valavu kadyeka. Zonsezi zimagulidwa m'sitolo za zipangizo ku Limbe kapena ku Zomba pa mtengo wochepa poyerekeza ndi bilu ya madzi otayika. Pofuna kudziwa ngati thanki ikudontha mobisika, thiranimo madzi a tiyi wakuda bii, dikirani theka la ola osagejemula; mtundu ukaoneka m'mbale, pali podontha. Kumene mpope umauma masiku ambiri, ndowa ya madzi yothiridwa mwamphamvu kamodzi imagwira ntchito yomweyo. Fungo likamabwerera m'nyumba, onani ngati madzi aja amatsalira pansi pa mbale alipo, chifukwa ndi amene amatseka mpweya woipa. Mbale ikang'aluka kapena nyumba ikakhala yotseka miyezi, amauma.

Madzi akamatsika mochedwa, musathamangire kugula asidi. Pitani panja, tsegulani timaenje toyendera tija tili m'njira ya paipi, kuyambira kufupi ndi nyumba. Kadzenje kodzaza kotsatana ndi kouma kakuuzani kuti chotseka chili pakati pa tiwirito. M'nyumba zakale mapaipi ambiri ndi adothi lootcha, olumikizidwa zidutswazidutswa, ndipo mizu ya mango, bulugamu ndi nsungwi imalowera m'malumikizirowo kufunafuna madzi. Kutokosa ndi ndodo za pulambala kumathandiza kwa miyezi yochepa, kenako mizu imameranso. Mankhwala ake enieni ndi kufukula chigawo chimenecho n'kuikapo paipi yapulasitiki ya mamilimita 110, yotsetsereka masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ikagona kwambiri zonyansa zimaima panjira. Uzani mmisiri ayeze ndi levulo inu mukuona, asanakwirire.

Timaenje tonse tikakhala todzaza mpaka kumapeto, ndiye kuti septic tank yadzaza kapena dzenje lake lomwetsera latsekeka. Pimani ndi nsungwi yaitali: matope a pansi akafika theka la thanki, yakwana nthawi yopopa. Opopa asiyemo matope pang'ono kuti tizilombo towoletsa tipitirize ntchito, ndipo muwafunse kumene akukataya, kuopa kuti mwalipira munthu kuti akathire mumtsinje umene abale anu amamwa kumunsi. Lamulo limodzi lisaphwanyidwe: munthu asalowe mu septic tank, ngakhale yooneka youma. Muli mpweya wopha m'kanthawi kochepa, ndipo kawirikawiri wachiwiri kufa ndi amene analowa kukapulumutsa woyamba. Musayatsenso machesi kapena fodya pakamwa pake, mpweya wina wa m'menemo umayaka.

Kugombe, kumene mchenga sugwira

Tsopano tibwere kwathu. Kwa Mpama dothi lambiri ndi lofiira, logwira, ndipo madzi a pansi ali patali kupatula m'madambo. Kugombe zinthu ndi zosiyana: ukakumba mita imodzi mchenga ukugumuka, ukapitirira wapeza madzi. Muyezo umene a zaumoyo amapereka ndi woti pansi pa dzenje patalikirane ndi madzi a pansi ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposa, poyeza nthawi ya dzinja pamene madzi akwera, ndipo chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita 30, chili kumunsi kwake. Mumchenga madzi amayenda msanga, choncho mamita 30 amenewo ndi poyambira chabe. Zaka zaposachedwapa nyanja ya Malawi yakwera mpaka kulowa m'nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Malo amene kale anali ouma, lero sali choncho.

Njira yake ndi kukweza chimbudzi m'malo mochizamitsa. Kumbani pang'ono, mangani dzenje lozungulira la njerwa kuyambira pansi, lipitirire nthaka ndi mita imodzi kapena kuchepera, ndipo unjikani dothi mozungulira ndi masitepe okwerera. Chigawo cha pansi pa nthaka chikhale ndi timipata pakati pa njerwa kuti madzi azituluka pang'onopang'ono. Chigawo chapamwamba chikhale chomata. Osowa njerwa amagwiritsa ntchito migolo yakale yoboola, masaka odzaza mchenga osanjikizidwa mozungulira, kapena nsungwi zolukidwa ngati nkhokwe. Nsungwi sizikhalitsa, koma zimakwanira dzenje losaya la chaka chimodzi kapena ziwiri. Pomanga masitepe kumbukirani okalamba ndi amayi oyembekezera, muike chogwirira.

Mabungwe ena anabweretsa zimbudzi za manyowa, za maenje awiri osaya ogwiritsidwa ntchito mosinthana chaka ndi chaka, kuthiramo dothi ndi phulusa. Kumchenga zili ndi ubwino woti sizifika pa madzi a pansi. Koma tinene chilungamo: zimafuna kukhala zouma, ndipo birika lathu limazisandutsa phala lonunkha. Banja lachisilamu lofuna mtundu umenewu limange kamalo ka istinja pambali m'kanyumba momwemo, kokhala ndi paipi yakeyake yopita ku dzenje la miyala lokwiririka. Za kugwiritsa ntchito manyowawo m'munda, kambiranani ndi sheikh wa pamzikiti panu musanayambe.

Chovuta kwambiri ndi madoko ndi zimbowera. Pa Chilwa asodzi amakhala miyezi pa timisasa toyandama, kumwa madzi omwewo amene akudzithandiziramo. Kolera itabuka kumeneko kumapeto kwa 2015, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anachita kutengera katemera wakumwa m'mabwato mu 2016. Katemera amathandiza, koma mphamvu yake imatha pakapita zaka zochepa. Likodzo nalonso limayenda njira yomweyo: wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa n'kulowa m'nkhono, ndipo kuchokera m'nkhonomo tizilombo timaboola khungu la mwana amene akusambira kapena mayi amene akuchapa. Mtumiki Muhammad (SAW) analetsa kukodza m'madzi odikha, analetsanso kudzithandiza panjira ndi pamthunzi pomwe anthu amapumira. Gombe lathu ndi zonse zitatu pamodzi: madzi, njira ndi popumira. Makomiti a m'madoko amatolera ndalama kwa ogula nsomba tsiku lililonse, ndipo sitikuona chifukwa choti doko likhale ndi sikelo ndi shedi koma lopanda chimbudzi chokwezedwa chokhala ndi wochisamala. Kwa amene ali pamadzi, chigubu cha madzi akumwa othira WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi a zaumoyo chikwere m'bwato limodzi ndi nyali. Mapaketi a Thanzi akhalenso momwemo. Akasowa, sungunulani masupuni ang'onoang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, wodwala azimwa muli paulendo wa kuchipatala.

Pakhomo la chimbudzi chilichonse pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Istinja siilowa m'malo mwa kusamba m'manja ndi sopo. Dzanja lamanzere lija ndi lomwe likagwire chingwe cha chitsime ndi nsomba za pa thandala.

Mmene zinathera kwa agogo

Pakhomo paja ntchito inayamba mu Ogasiti, nthaka itauma, ndipo ndi nyengo imene tikulangiza aliyense: pakati pa kukolola ndi mvula yoyamba, pamene ndalama ya nandolo kapena ya mpunga ili m'manja. Dzenje lakale analikwirira. Latsopano analikumba lozungulira, mbali ina ya bwalo kutali ndi chitsime, zimene zinafuna kukambirana ndi amalume a banjalo chifukwa malowo anakhudza mizere iwiri ya munda wa mlongo wawo. Kukambiranako kunatenga masiku ambiri kuposa kukumba. Njerwa zambiri zinachokera pa chimbudzi chakale chomwecho. Simenti anagula matumba awiri: limodzi la silabu ndi mkombero, lina lozira pansi pa bafa ndi kumata tsinde la khoma la nyumba litauma. Anyamata anatuta miyala ya dzenje la bafa ndi wilibala masiku awiri, ndipo ngalande yopatutsa madzi a malata inakathera pa nthochi.

Chitsime cha kudimba anachimangira mkombero ndi kuikapo chivindikiro, koma madzi ake akumwa amawathirabe klorini, chifukwa kumtunda kwake kuli zimbudzi za mabanja ena awiri zimene sizinasunthe. Nkhani imeneyo ili m'manja mwa anyakwawa, ndipo akuti aikamba pa msonkhano wa mudzi mvula isanagwe, Insha Allah.